Pusi wa Besi ndi Masipika Obwereka

Mwambi uwu unayamba motere, koma tsamiritsani kaye magitala anuwo kukhoma, chifukwa nkhaniyi ndi ya munthu wa ntchito yanu yomweyi. Amene anakuuzani kuti pusi wa m'mwambiwu anali wamchira, wolumpha m'mitengo ya masuku, ankangofuna kuti mugone msanga. Pusi ameneyu ankavala nsapato, ndipo ankayimba besi.

Dzina lake la ubatizo linali Lufeyo. Ankakhala pa Lunzu masiku aja makaseti akuyamba kutha, pamene ukwati wopanda bandi unkaoneka ngati msonkhano wa feteleza. La Pusi analipeza chifukwa cha mikono. Inali yaitali moti ankakanda bondo osawerama, ndipo bandi ikakwera lole iye ndiye ankakhala pansonga pa katundu, dzanja lina litagwira sipika, lina likuthyola mango m'mbali mwa msewu. Dzinalo sankakwiya nalo. Ankati besi ndi gitala ya khosi lalitali, imafuna munthu woifikira.

Bandi yawo inkatchedwa Chiwaya Jazi, chifukwa inkaphunzirira nyimbo m'kachipinda kuseri kwa chiwaya cha tchipisi, ndipo malaya awo onse ankanunkha mafuta okazingira. Mwini bandi, amenenso ankatsogolera nyimbo, anali mayi Nangondo, mzimayi wamfupi wa mawu oboola malata. Pa ng'oma panali Che Bwanali, bambo wa imvi wosakonda kulankhula kawiri. Pa kiyibodi panali Yotamu, munthu wosalala, amenenso ankagwira mikisa, bokosi lija mawaya onse a bandi amakumanamo. Panalinso ena awiri a magitala, koma amenewo sanalakwe kanthu, tiwasiye.

M'kachipinda muja Pusi anali katswiri. Zala zake zinkayenda limodzi ndi phazi la Che Bwanali ngati munthu ndi chithunzithunzi chake. Koma bandi ikangotulukira pabwalo, munthu uja ankasochera.

Chifukwa chake inu mukuchidziwa. Besi ili ngati fungo la kanyenya. Wowotchayo amangomva utsi m'maso, amene ali kutsidya kwa msewu ndiye amameza malovu. Kaampu ka Pusi, kabokosi kotulutsa mawu a besi, kankakhala pansi, kumbuyo kwa miyendo yake, kumalankhula ndi akatumba. Ndipo akatumba alibe makutu. Anthu kutali uko ankamva besi ikuwagunda pachifuwa, mwini wake akungomva kutekesa kwa zala zake pansambo.

Tsiku lina anakayimba pamsika ku Mdeka, atayang'anana ndi khoma lalitali la nyumba yosungiramo thonje. Khoma lija linkabweza mawu mochedwa. Pusi atamva besi ikubwera kuchokera kutsogolo anakondwa, nati lero ndadzipeza. Anayamba kuidikira kuti ibwerere kaye, kenako n'kuiyankha. Anatsinzina. Nyimbo inatha, iye akupitiriza yekha, mutu ukugwedezeka, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Mudzutseni mnzanuyo, sitima yapita!"

Pobwerera, ali pamwamba pa lole, mayi Nangondo anatembenukira kwa Pusi.

"Iwe Pusi, lero unali m'bandi iti?"

"Yathu yomweyi, mayi."

"Ayi. Ife tinamaliza nyimbo, tinawerama, ine ndinamwa madzi. Iwe unali ukadali kumunda."

"Sindidzimva, mayi. Ndikakhala panja besi imandithawa, imapita kwa anthu."

"Ndiye imvera izi, popeza izi sizikuthawa. Loweruka tili ndi ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ku Phalula. Abale anga onse akakhalako, ndi alamu anga aja amati kuyimba si ntchito. Ukakasocheranso kumeneko, besi ndiipereka ku dzanja lamanzere la Yotamu. M'kiyibodi muli besi yakeyake, ndipo imeneyo sidya, sipempha malo palole."

Yotamu anakweza dzanja lake lamanzere n'kuliyang'ana ngati munthu amene wangouzidwa kuti ali ndi m'bale wolemera. M'mawa mwake anabwera ataliveka sokosi yoyera.

"Nanga dzanjalo latani?" anafunsa Pusi.

"Likupuma, achimwene. Loweruka lili ndi ntchito."

Pusi anada nkhawa. Besi ndiyo inali dzina lake pa Lunzu. Popanda besi akanangokhala Lufeyo wa mikono yaitali, woitanidwa pothyola mapapaya.

Che Bwanali anamukokera pambali, kuseri kwa chiwaya.

"Mjomba, vuto lako ndi laling'ono. Tenga kireti ya zakumwa, ukweze kaampu kakoko, ukapendeketse kuti kayang'ane khutu. Kenako uime pafupi ndi ine, uziona phazi langa. Basi."

"Kireti? Pa ukwati wa anthu a masuti? Aziti ndabwera kudzagulitsa zakumwa."

"Aziti besi ikumveka bwino."

"Inu a ng'oma simungamvetse. Chida chanu chimadzilirira chokha, sichifuna magetsi."

Che Bwanali anatola tchipisi chimodzi, natafuna. Anali atanena kale kamodzi.

Pusi anaganiza kuti mankhwala a kusamva ndi kukula kwa sipika. Choncho anapita kwa a Chikopa, mwini nyumba ya kanema pafupi ndi siteji ya mabasi. A Chikopa anali ndi chibokosi chotalika ngati chitseko, chokhala ndi masipika awiri aakulu ngati malichero, ndi ampu yake yolemera ngati mwala wa mphero. Ankachitcha Njovu. Ntchito ya Njovu inali yoti mfuti za mukanema zizimveka mpaka kumsika, anthu azibwera.

Pusi analumikiza besi, nakhudza nsambo yaikulu kamodzi kokha. Malata ananjenjemera. Fumbi linatsika kudenga ngati ufa, buluzi anagwa pabenchi n'kuthawa osayang'ana m'mbuyo. Pusi anamva nthiti zake zikugwirana chanza.

"Ichi chakoma!" anatero.

"Tengani," anatero a Chikopa, "koma mundibweretsere nyama ya ukwati. Ndipo musamaime nacho pafupi kwambiri, chimamasula lamba."

Akanalekera pomwepo, kapena mwambi uwu sukanabadwa. Koma akukankha Njovu pa wilibala, thukuta lili kamukamu, anadutsa pa tchalitchi china pamene oyimba ankakonzekera za Lamulungu. Anasuzumira pazenera kuti apumeko. Kutsogolo kwa woyimba besi wa mpingowo kunali kasipika kogona chopendekera pansi, kakuyang'ana kumaso kwa munthu ngati galu wopempha fupa.

"Bambo mkulu, kameneka n'kachiyani?" Pusi anafunsa a Likongwe, mkulu wa mpingo amene ankasunga makiyi.

"Imeneyo ndi monita. Masipika enawo amalankhula ndi mpingo. Iyi imalankhula ndi woyimba yekha."

Pusi anapempha kuyesako. Atangokhudza nsambo, mawu anakwera molunjika n'kumupeza pankhope. Anamva chala chilichonse, ngakhale kachikhadabo kamene anaiwala kuwenga. Misozi inalengeza.

"Ichi chakoma!"

A Likongwe anasuzumira panja n'kuona Njovu ili pa wilibala.

"Nanga chinyumba icho?"

"Ichonso chakoma."

"Mwana wanga, monita ndikubwereka chifukwa ukwati ndi wa Mulungu. Koma sankha chimodzi. Alaliki awiri salalikira nthawi imodzi."

"Ndamva, bambo mkulu."

Anaisanjika monita pamwamba pa Njovu, namanga ndi mphira, ulendo.

Pakhomo anapeza mlendo. Anali msuweni wake Velonika, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe ankayimba m'kwaya ya tchalitchi chachikulu. Ataona wilibala anagwira m'chiuno.

"Mwamuna wanga, mwayamba kusamutsa anthu? Besi ija yakukanani?"

"Usandiseke, mkazi wanga. Ndikufuna kudzimva."

"Ndiye mpaka kunyamula kabati? Anzanu kunja uko anasiya kalekale kuthyoka misana."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa timahedifoni tiwiri tating'ono ngati nsawawa, ndi kabokosi kokoleka pa lamba, ndi waya wautali wopita ku mikisa. Anatilowetsa yekha m'makutu mwa Pusi, nalumikiza besi. Dziko lonse linazima. Nkhuku zinkatsegula milomo popanda mawu. Kenako Pusi anakhudza nsambo, ndipo besi inalira pakati penipeni pa mutu wake, ngati wayimbira m'kati mwa mtsuko.

"ICHI CHAKOMA!" anakuwa, mpaka mwana wa a neba anadzuka n'kuyamba kulira.

Velonika anamuzula kahedifoni kamodzi.

"Musakuwe, tili pompano. Tsono mumve. Timeneti timatseka makutu. Mukativala simufunanso chibokosi icho kapena monita. Koma mumuuze wa mikisa akuikireni ng'oma ndi mawu a woyimba m'menemo, apo ayi mukhala nokhanokha ngati munthu wa m'chitsime."

"Ndamva."

"Mwamva, kapena mwangoyankha?"

"Ndamva, mkazi wanga. Iwe ndiye ndikanakwatira."

Madzulo a Lachisanu anakhala pakhonde n'kumayang'ana chuma chake. Njovu inamugwedeza nthiti. Monita inamupsompsona pankhope. Timahedifoni tinamulowa m'mutu. Asiye chiti? Ataganiza zosiya Njovu, nthiti zinadandaula. Ataganiza zosiya monita, anakumbukira kachikhadabo kaja. Ndipo pakona panali kaampu kake kakale, kong'ambika nsalu, kakumuyang'ana mwachisoni.

"Iwenso tachokera kutali," anatero. "Sindingakusiye tsiku la nkhondo."

Loweruka m'mawa lole inanyamuka itapendekera mbali imodzi. Mayi Nangondo anayang'ana katundu wa Pusi, nayang'ana katundu wa bandi yonse, napeza kuti wa Pusi ndiye wochuluka.

"Tikupita ku ukwati kapena ukukatsala komweko?"

"Lero ndidzimva, mayi. Mbali zonse."

Amene munayendapo msewu wa Zalewa nthawi yopuntha nandolo mukudziwa mmene makomo amakhalira, milu ya makoko paliponse. Pakhomo pa makolo a mkwatibwi panalinso mulu wotero, wofika m'chiuno, ndipo siteji anaimanga patsogolo pake kuti aubise. Sitejiyo inali matabwa oyalidwa pa migolo, yokwanira bandi ya anthu odzichepetsa.

Njovu itakwera, matabwa analira. Pusi anaiimika kumbuyo, chakumphepete. Kaampu anakaika pamwamba pa Njovu. Monita anaigoneka kutsogolo. Pakati panatsala malo okwana lichero limodzi, ndipo pamenepo ndi pamene mwini wake anayenera kuima. Che Bwanali ndi ng'oma zawo anakankhidwira kutsidya lina, kuseri kwa magitala, komwe phazi lawo silinkaoneka.

"Mjomba, kireti ija ilipo m'lolemo," anatero Che Bwanali. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kunena chinthu kawiri.

"Mukhalepo inuyo," anayankha Pusi.

Tsono besi ili ndi bowo limodzi la waya, ndipo Pusi anali ndi pakamwa panayi poti adyetse. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda mawaya ndi mano, kupotokola, kukulunga ndi tizidutswa ta jumbo. Monita anailumikiza ku ampu ya Njovu. Koma waya wa sipika uli ndi timitsempha tiwiri, kofiira ndi kakuda, ndipo pofulumira iye anatisinthanitsa. Kofiira kanapita kwa kakuda, kakuda kwa kofiira. Palibe chinaphulika, palibe chinanunkha, choncho anati zatheka.

Kenako anapereka waya wa timahedifoni kwa Yotamu.

"Ndikuikirenimo chiyani m'makutumo, achimwene?" anafunsa Yotamu, akupotokola mabatani a mikisa ndi dzanja lamanja lokha. "Ng'oma? Mawu a mayi?"

"Besi yokha."

"Yokha?"

"Zanuzo ndakhala ndikuzimva zaka zonsezi. Lero ndi tsiku langa."

Yotamu anasisita sokosi yake mwachikondi. "Monga mwanenera."

Anayenera kuyesa zida anthu asanabwere, koma jenereta inafika mochedwa, itakwera njinga ya kabaza. Itangolira, galimoto ya akwati inatulukira pakona ikuliza hutala, amayi akululutira. Nthawi yoyesa panalibe. Mayi Nangondo anakonza duku, nagwira maiki.

"Nyimbo yolowera akwati. Pang'onopang'ono. Pusi, maso anga ali pa iwe."

Operekeza akwati anandanda awiriawiri, atsikana a madiresi obiriwira, anyamata a mataye. Sitepi yawo anali ataiphunzira mwezi wathunthu: kutsogolo pang'ono, m'mbuyo pang'ono, kugwedeza phewa, kumwetulira. Kumbuyo kwawo kunali akwati, ndipo m'tenti munali alamu aja amati kuyimba si ntchito, atapinda manja.

Che Bwanali anamenya timitengo. Nyimbo inayamba. Pusi anasiya kaye timahedifoni tikulendewera pakhosi, pofuna kulawa Njovu ndi monita poyamba. Anakhudza nsambo.

Zii.

Anakhudzanso mwamphamvu. Zii. Zala zinkagwira ntchito, koma pamene anaimapo panalibe besi ngakhale ya mankhwala. Paja mawaya anasinthana. Njovu ikamakankha mphepo, monita inkakoka. Njovu ikamakoka, monita inkakankha. Zinali ngati amuna awiri amphamvu akukankha chitseko chimodzi, wina mkati wina panja: thukuta lambiri, chitseko osasuntha. Ndipo Pusi anaima pachitseko penipenipo.

Anatembenuka n'kukweza Njovu. Zii. Anakwezanso.

Kutali uko zinthu zinali zina. Kukhitchini zivundikiro za mapoto zinayamba kuvina zokha. Mbuzi imene inasungidwira mawa inadula chingwe. Patebulo lapamwamba keke ya ukwati inayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumphepete, ndipo nkhoswe ya kuchimuna inaigwira ndi manja awiri n'kukhala chigwirire, nkhope ili gwa, ngati ndi mwambo wa kwawo.

Pusi anawerama kutsogolo kuti aone ngati monita yayaka. Mutu utangoyandikira, besi inamupeza pankhope, yoyera ngati ya kutchalitchi kuja.

"Ichi chakoma!"

Anaweramuka. Zii. Anapendekera m'mbuyo, msana n'kukhudza Njovu, nthiti zonse zinayankha.

"Ichi chakoma!"

Ndiye anayamba: kutsogolo, m'mbuyo, kutsogolo, m'mbuyo, ngati munthu wopalasa bwato, pakati akudutsapo mothamanga chifukwa panalibe kanthu. Anthu ena anayesa ndi kavinidwe katsopano ka ku Lunzu, ndipo anyamata awiri kumbuyo kwa tenti anayamba kukaphunzira.

Msana utayamba kuwawa anakumbukira timahedifoni. Anatilowetsa tonse tiwiri. Ukwati wonse unazima: ng'oma, kiyibodi, nthungululu, jenereta. Munatsala besi yokhayokha, yonona, yodzaza mutu. Pusi sanamvepo chinthu chokoma chotero chibadwire. Anatsinzina. Ndipo munthu akamadya chokoma amafulumira. Zala zinayamba kuthamanga.

Operekeza akwati sankamvanso ng'oma, chifukwa Njovu inali itameza zonse. Anatsata chimene ankamva. Sitepi ija ya mwezi wathunthu inasanduka kuyenda kwa anthu ochedwa ku basi. Kenako inasanduka liwiro. M'mbuyo pang'ono muja munatayika, kumwetulira kunatayika, mtsikana wina anataya nsapato osaibwerera. Mkwatibwi anakwinya diresi m'manja n'kumathamanga, mkwati akumutsata ndi maluwa, onse anadutsa mipando yawo n'kukazungulira tenti, chifukwa nyimbo inali isanathe ndipo palibe anawauza poima.

"Pusi, tsitsa!" anakuwa mayi Nangondo pa maiki, mudzi wonse ukumva. "Pusi! Bwerera!"

Pusi anatsegula diso limodzi, naona pakamwa pa mayi pakutseguka kwambiri, dzanja likumuloza. M'zaka zonse anali asanayamikiridwepo pagulu. Anamwetulira, nagwedeza mutu modzichepetsa, nawonjezera liwiro.

Che Bwanali anaponya kamtengo ka ng'oma. Kanadutsa pamwamba pa magitala n'kumugunda paphewa. Pusi anazula kahedifoni kamodzi kuti amve chimene chachitika, ndipo khutu limenelo linalandira Njovu. Apa nzeru ina inamubwerera, nzeru yoipa. Khutu lamanzere lidye timahedifoni, lamanja lidye Njovu. Nanga monita? Anatembenuka kuti khutu lamanja lilaweko monita. Yakoma. Anatembenukanso kuti libwerere kwa Njovu. Yakoma. Koma m'malo mobwerera njira imene anadzera, ankangozungulira mbali imodzi.

Munaonapo mbuzi yomangidwa pachikhomo mmene imachitira? Imaona msipu uku, imaona msipu uko, imazungulira, chingwe chikufupika, mpaka mphuno ifike pachikhomo. Waya wa besi unamukulunga m'mawondo. Waya wa timahedifoni unamuzinga m'chiuno. Wa monita unagwira akakolo. Iye osadziwa, akungoti uku "chakoma," uku "chakoma."

Ndipo pamenepo anakaona kaampu kake kakale pamwamba pa Njovu, kali duu, palibe wokalawa. Chisoni chinamugwira. Anaponda monita ndi phazi limodzi, monga amachitira akatswiri a pakanema, napendekera m'mbuyo, natambasula mkono wake wautali uja kuti akakweze.

Chala chinafika pa batani. Miyendo ndiyo inakana kutsatira, chifukwa inali yomangidwa. Monita inatsetsereka. Thabwa linadzuka. Pusi anapalasa mphepo ndi mkono umodzi, winawo osasiya besi, nadutsa pambali pa Njovu, napitirira kumphepete kwa siteji, nsapato zikuyang'ana kumwamba.

Phuu! M'makoko a nandolo.

Mawaya onse anazuka nthawi imodzi. Njovu inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Zivundikiro zinaleka kuvina. Nkhoswe ija inasiya keke pang'onopang'ono n'kupukuta manja. Akwati anaima kuseri kwa tenti akupuma wefuwefu.

Che Bwanali sanaleke kumenya, ngakhale anatsala ndi kamtengo kamodzi. Anabweza nyimbo pa liwiro lake. Mayi Nangondo anatembenukira kwa Yotamu n'kukweza nsidze. Yotamu analuma nsonga ya sokosi, naivula ndi mano, naika dzanja lamanzere pa kiyibodi. Besi inalowa, yaulemu, yosapitirira. Operekeza anandandanso, mtsikana uja anapatsidwa nsapato yake, sitepi inabwerera: kutsogolo pang'ono, m'mbuyo pang'ono. Amayi analulutira.

Pusi anagona chagada m'makoko, miyendo yomangidwa ili m'mwamba, akuona mitambo. Sanavulale paliponse. Chimene chinamupweteka n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti besi yapita kuti.

Gitala inali pachifuwa pake, yopanda waya. Mwachizolowezi chala chinakhudza nsambo, ndipo anaimva ikunjenjemera m'nthiti, pang'ono chabe koma momveka. Pamwamba pake, kudzera m'matabwa ndi m'migolo, phazi la Che Bwanali linkagunda: du, du, du. Pusi analitsata. Nyimbo yonse yotsalayo anaiyimba bwinobwino, osatsogola, osatsalira, mwina kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wake. Amene anamva anali iye yekha ndi nkhuku ina imene inkafukula pambali pake.

Nyimbo itatha, nkhope ya mayi Nangondo inatulukira kumphepete kwa siteji, chozondoka.

"Uli moyo?"

"Ndili moyo, mayi."

"Wadzimva?"

"Ndadzimva, mayi. Kuno kunsi kukumveka bwino kwambiri."

"Ndiye khala komweko mpaka akwati adule keke." Kenako anawonjezera: "Alamu anga akuti sanasekepo chotere chiyambire, akufunsa ngati timachita zimenezi pa ukwati uliwonse. Koma mawu anga sabwerera. Besi ndi ya Yotamu. Iwe uzipinda mawaya, popeza palibe amene akuwadziwa ngati iwe. Tsiku limene udzafune besi yako, udzabwere ndi chinthu chimodzi chokha, chili pa kireti."

Che Bwanali anatsika n'kumumasula, akuzungulira mulu uja ngati womasula mbuzi. Anangomuchotsa khoko m'khutu.

Nthawi ya chakudya itakwana, a bandi anaima pamzere kukhitchini. Pusi anali patsogolo, makoko ali m'tsitsi, akudzikanda msana ndi mkono umene unkafika paliponse. Mayi wogawa anavundukula mapoto awiri.

"Achimwene ogwa aja ndinu? Pepani. Ndikuikireni ya nkhuku kapena ya mbuzi?"

Pusi anasuzumira mu poto woyamba. Nkhuku ya lokolo, msuzi wofiira. Anasuzumira mu wachiwiri. Mbuzi yokazinga, mafuta akunyezimira. Maso anapita uku, anapita uko. Thupi linayamba kupendekera.

"Ichi chakoma," anayamba motsitsa. "Komanso ichi..."

Che Bwanali anamugwira lamba kumbuyo ndi manja awiri.

"Amayi, muikireni msanga chilichonse! Kuno kulibe makoko!"

Khitchini yonse inagwa nacho chiseko. Yotamu anatsamwa. Mayi Nangondo anaseka mpaka kukhala pa mtondo, akupukuta misozi ndi nsonga ya duku, ndipo ali pomwepo ndi pamene ananena mawu a mwambi uja koyamba. Ophika anawatola n'kupita nawo m'midzi mwawo. Woyendetsa lole anakawatsitsa pa Zalewa. Kuchoka apo anakwera mabasi, ena a ku Mwanza, ena a ku Ntcheu, ndipo atafika kwa anthu osamudziwa Lufeyo, anthuwo anamumeretsa mchira n'kumukweza mumtengo.

Pusi mwini wake anapinda mawaya nyengo yonse ya maukwati. Mvula yoyamba itagwa anatulukira kuseri kwa chiwaya atasenza kireti pamutu, kaampu kali m'khwapa, ndipo Yotamu anabweza besi mosanyinyirika, chifukwa anali atatopa kuyimba wopanda dzanja lopukutira thukuta. Amene munapitako pa Lunzu zaka zotsatira munamuona ataima phewa ndi phewa ndi Che Bwanali, kaampu katapendekera kukhutu, maso ali pa phazi.

Tsono inu a besi, tsiku lina mudzalowa m'sitolo ya zida, kapena mnzanu adzakutsegulirani chipinda chake, ndipo chibokosi chidzakuitanani uku, monita uku, timahedifoni uku. Chilichonse mwa zimenezi chimagwira ntchito, palibe chabodza. Koma musanatambasule mikono yonse iwiri, yang'anani kaye kumbuyo ngati kuli makoko, ndipo mukumbukire mawu a mayi Nangondo ali pa mtondo paja:

"Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."